Khadi la Malemu Lute

Thandiwe, tsitsa mawu. Iwe Mandla, chotsa zingwezo m'makutu, ndikulankhula ndi iwe. Leronso chiyambire masana mukungokangana za khadi la katemera, wina ati palibe woyenera kufunsa za m'thupi mwa mnzake, wina ati wopanda khadi asakwere kombi ndi anthu. Mwanditopetsa nazo. Mukuyesa mkangano umenewu wayamba ndi inu? Tengani lichero apo, muziswa mtedzawu ine ndikamalankhula. Ndilankhula chakwathu. Ndikudziwa kuti mumamva bwinobwino, pakamwa pokha ndiye polemera. Mukasochera mufunse, koma osandifunsa m'Chingelezi.

Ine gogo wanu ndidachimwapo ndi khadi. Linali kapepala kolimba ka ku sikelo ya ana, ndipo kadatsala pang'ono kupha mwana wa mnzanga.

Kuti mumvetse, dziwani kaye kuti ife a ku Nyasalande tidakhala m'dziko lino ndi zobwereka. Ndidabwera ndili mtsikana, atate anu a Joji ali kumsana. Tidakwera lole ku Dedza, kudutsa ku Tete fumbi lili m'mano, kuwoloka Zambezi pa pantoni ine nditatseka maso, kenako sitima mpaka kuno. Kamba wanga anali chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha, ndipo nsapato zomwe ndidatsikira pa siteshoni zinali za mlamu wanga. Tidafikira ku Makokoba, chipinda chimodzi mabanja awiri, pakati nsalu. Kumeneko mtondo unali umodzi mzere wonse. Jekete laukwati linali limodzi, lakuda, ndipo lidakwatitsa amuna ochuluka kuposa abusa. Simbi yamakala, sefa, poto wamkulu wa pamaliro, zonse zinkayenda khomo ndi khomo. Munthu wokana kubwereketsa tinkamunena kuti ngwouma mtima, ndipo akadwala ankadwala yekha.

Ngakhale dzina tinkabwerekana. Agogo anu aamuna adalowa dziko lino ndi chitupa cha msuweni wawo, Wiliyamu Banda, amene adabwerera kumudzi chifuwa cha kumigodi chitamugwira. Iwo dzina lawo anali Yohane Mbewe. Ku fakitale ya mapulawo ku Donnington adaitanidwa Wiliyamu mpaka tsiku lopuma ntchito. Ee, Mandla, tseka pakamwa, mulowa ntchentche. Nonsenu mumadzitcha a Banda, koma ndinu a Mbewe. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndangofuna muone kuti kwa ife pepala silinali munthu. Linali ngati jekete lija, wofuna kupita nalo kwinakwake ankavala.

Pambuyo pa a Joji ndi anyamata ena awiri, ndidabereka mtsikana, Lute. Azakhali anu enieni amenewo, simudawaone. Lute ndidamuyendera ku sikelo osadumphitsa. Tinkapita m'mamawa, kukhala pabenchi, kumuvula mwana, kumupachika pa kabudula wa sikelo iye akulira, nesi n'kulemba. Panali nesi wina wamng'ono, Sisita Dube, wa mpata kumano, amene ankamutcha Lute kuti kaNyasa kake. Jekeseni aliyense adabaya ndi iye, mpaka wa chikuku, ndipo khadi lidadzaza ndi zolemba zake. Koma katemera saletsa imfa zonse. Lute ali ndi zaka zitatu adagwidwa chibayo nyengo yozizira, masiku anayi okha, basi. A sosaiti yathu ya maliro adamunyamula, tidakamuika. Khadi ndidalikulunga m'kadilesi kake n'kuika pansi pa bokosi lachitsulo. Chaka chotsatira tidapeza nyumba ino ku Tshabalala, tidasamuka.

Ufulu utabwera zinthu zidatembenuka msanga. Sukulu zidatseguka kwa aliyense, ana ankalowa ena m'mawa ena masana chifukwa chochuluka. Nthawi yomweyo chipinda chakumbuyochi, chomwe mumasungiramo njinga zakufa, tidalowetsamo maloja, anthu a lendi. Anali Che Jafali, telala wa pakhonde la sitolo, Msilamu wa ku Mangochi, ndi mkazi wake Abiti Sumani amene adali atangomutsatira kumene ndi mwana wawo wamkazi, Asiyatu. Abiti adadutsa njira zakutchire, analibe kapepala ngakhale kamodzi. Anali mkazi wofatsa, wamanyazi, wophika mpunga woti ukadya unkaiwala kwanu. Tidagwirizana ngati pachibale. Iye ankandiitana kuti Anaphiri, ine Abiti.

Asiyatu anali wa zaka zisanu ndi ziwiri, msinkhu womwe akadakhala nawo Lute. M'mawa uliwonse ankaima pageti kuonerera anzake akupita ku sukulu. Che Jafali atapita kukamulembetsa adamuuza kuti abweretse satifiketi yobadwira, ikasowa khadi la ku sikelo, likasowanso la ubatizo. Mwana wobadwira m'mudzi, wa Chisilamu, akadazitenga kuti zimenezo? Adabwerako ali khuma.

Palibe adandipempha, izi ndinene poyera. Ndine ndidatsegula bokosi. Ndidalowa kwa Abiti ndi khadi m'manja n'kunena kuti, “Abiti, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tengani ili, likungogona m'bokosi.”

“Anaphiri, si la malemu limeneli?”

“Malemu sapita ku sukulu. Tengani.”

Adalandira ndi manja awiri akulira. Tidamuphunzitsa mwanayo kuti ku sukulu ndi Lute Banda, ndipo ine ndidapita naye ngati mayi wake. Aphunzitsi adayang'ana khadi, adalemba m'kaundula, nkhani idathera pomwepo. Aneba athu kuno anali Amandebele oti sadamudziwe Lute, ndiye palibe adadabwa. Agogo anu adangoti, “Mwachita bwino, mayi a Joji.” Miyezi itatu isanathe kamtsikanako kanali kakulankhula Chindebele kuposa inu nonse.

Kenako kudagwa chikuku.

Inu chikuku simuchidziwa, mumangomva dzina. Chimayamba ngati chimfine, maso kufiira, kutsokomola, thupi kutentha, kenako totupa tating'ono kuyambira kuseri kwa makutu mpaka thupi lonse. Ana ena chinkawasiya, ena chinkawatenga, ena chinkawasiyira chilema. Kwathu chikagwa m'mudzi ankalengeza kuti akuluakulu onse azigona kosiyana mpaka chidutse. Thandiwe, usaseke, ukudziwa chomwe ndikunena. Mwana wodwala ankamutsekera m'nyumba, osamusambitsa, osamuonetsa alendo, ndipo ankati akabayidwa jekeseni totupato tibwerera m'kati n'kumupha. Malamulo amenewo tidabwera nawo m'mabokosi mwathu. Koma kuno anthu ake osiyanasiyana, mpanda umodzi, mpopi umodzi, ungalamule ndani kuti agone kosiyana?

Chaka chimenecho chidayambira ku Lobengula n'kufalikira malokeshoni onse. A zaumoyo adayamba kuyenda ndi galimoto ya chimkuzamawu, kuuza anthu kuti mwana aliyense wosabayidwa abayidwe, ndipo wopanda umboni asalowe m'kalasi. Abale, anthu adalankhula! Pamsika pomwe ndinkagulitsa tomato ndi mandasi sitinkakamba china. Mayi wina wogulitsa masamba ankati jekeseniyo ngwotseka mimba, azungu adausiya dala pochoka. Wina ankati boma ndi lathu tsopano, lingaphe bwanji ana ake. A mpingo wina wovala zoyera adatenga ana awo kukabisa kumidzi. M'mabasi opita ku Donnington amuna ankakangana mpaka kupitirira potsikira. Ife a kwathu tinali ndi mantha athuathu: ku kiliniki amalemba maina. Masiku amenewo kunkamveka kuti malole a polisi akutola akazi opanda mapepala m'tauni. Kaya zinali zoona zonse kaya ayi, koma Abiti akamva kulira kwa lole ankalowa m'nyumba n'kukhoma.

Sosaiti yathu idaitanitsa msonkhano Lamulungu masana ku Lobengula, pabwalo la apampando, a Chisale. Asilamu maliro awo ankaika mwa Chisilamu, koma ku sosaiti tinali amodzi, ndiye Che Jafali ndi Abiti analipo. A Chisale anali atangoika mdzukulu wawo. Adaimirira ndi chipewa m'manja.

“Abale anga, ine ndatopa kukumba timanda tating'ono. Sabata yamawa banja lililonse libweretse makhadi a ana onse a pakhomo. Alembi awerenga mokweza, dzina ndi dzina. Mwana amene alibe jekeseni wa chikuku, amayi awiri amuperekeze ku kiliniki Lolemba. Wokana achoke m'sosaiti, akafa adzadziike yekha.”

Anthu ambiri adavomera. Mkulu wina, a Mvula, adakana, ati mwana wake sabayidwa ndi munthu wosadziwa mfunda wake, koma adamuzazira mpaka adakhala pansi. Ine ndidakumbukira khadi lija. Anthu amenewa ndi omwe adanyamula bokosi la Lute. Ankadziwa kuti Asiyatu ali pa sukulu, akadafunsa khadi lake, ndipo alembi akadawerenga dzina la mwana amene iwo eni adamukwirira. Ndidayang'ana Abiti, adali atazyolika, mpango uli kumaso.

Ndiye ndidaimirira. Mukundidziwa pakamwa panga, panthawiyo panali pakuthwa kuposa lero.

“Apampando, pepani ndilankhuleko. Khadi la mwana ndi chinsinsi cha mayi ndi nesi. Mukudziwa zomwe zimalembedwapo? Pamalembedwa dzina la bambo wa mwana. Pamalembedwa mimba zomwe mayi adapita padera. Pamalembedwa ngati mwana adanyentchera ndi njala. Mukufuna zimenezo ziwerengedwe pano, apongozi ali apo, akamwini ali apo? Abambo muli panonu, nonse mukutsimikiza kuti dzina lili pakhadi la kwa aneba si lanu?”

Ha! Amuna adayamba kutsokomola, ena kuyang'ana nsapato. Amayi adaseka mpaka kugwirana mapewa, wina adaimba nthungululu. A Chisale adayesa kubweza, koma nkhani inali itagwa kale. Adagwirizana kuti aliyense aone yekha za pakhomo pake. Pobwerera amayi ankandigwira chanza, ati Anaphiri mwatiombola. Mawu amene ndidanenawo sanali abodza, mpaka lero ndimawavomereza. Koma sindidawanene chifukwa cha amayi aja, ndidawanena kuti ndibise khadi limodzi.

Patapita masiku ochepa manesi adafika pa sukulu. Ana onse adauzidwa kubweretsa makhadi. Adawandandalika pabwalo, nesi kuyang'ana khadi, amene adabayidwa kale kubwerera m'kalasi, wotsala kupinda dzanja la malaya. Masana Asiyatu adabwera akudumphadumpha.

“Amayi! Anaphiri! Ine sanandibaye! Akuti ndinabayidwa kalekale ndili khanda. Anzanga onse amalira!”

Abiti adakweza manja n'kuthokoza Mulungu kuti sadafunse zambiri. Ine ndinali ndikuchapa pampopi, ndipo ndidasiya zovala m'madzi. Apo mpamene ndidaona chomwe ndidachita. Jekete ukabwereka limakufunditsa ndithu, koma jekeseni uja adalowa m'thupi la Lute, ndipo thupilo linali kumanda. Mwana uyu analibe kanthu m'magazi, ndipo chikuku chinali m'kalasi mwake.

Madzulo ake ndidamuuza Abiti kuti tipite naye ku kiliniki tikanene zoona.

“Anaphiri, mukufuna andikweze lole? Akandifunsa chitupa ndidzati chiyani? Mwana adzatsala ndi yani?”

“Nanga akadwala?”

“Mulungu ndiye mwini. Chonde, ndagwira mwendo wanu.”

Ndidapita kwa agogo anu. Iwo adaika supuni pansi. “Mayi a Joji, mukafukula khadi limenelo afukulanso Banda. Akafukula Banda ntchito yatha, nyumba ino yapita. Ana ambirimbiri sadwala. Khalani chete.”

Ndidakhala chete. Ndinkati ndipita mawa, mawa likafika ndinkati ndithane kaye ndi tomato angaole. Sabata idatha, inanso idatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu, anatu inu, ndipo zengerezuyo ndinali ine. M'mawa uliwonse ndinkamuyang'ana mwanayo m'maso ndi kuseri kwa makutu, n'kudziuza kuti lero ali bwino.

Kuseri kwa mpanda wathu kunali mayi wina, MaNcube, ndi mwana wake Sipho amene ankakhala desiki imodzi ndi Asiyatu. Sipho adadwala tsiku la manesi lisanafike, ndipo sabata yachitatu adamwalira. Ndidapita kukakhala nawo pamaliro. Nditaona kabokosi kaja sindidathe kuimba. M'mawa mwake, Lachisanu, Che Jafali atapita ku ntchito ndipo Abiti atapita kukapereka zovala zosokedwa, ndidamugwira Asiyatu padzanja. Sadapite ku sukulu tsikulo, ankati mutu ukumupweteka. Ndidatenga khadi pawindo, sindidauze munthu.

Kiliniki ya masiku amenewo simungaikonde inu okonda zinsinsi. Chipinda chimodzi chachikulu, mabenchi odzaza, kalaliki patebulo akufuula dzina la munthu ndi matenda ake omwe, lokeshoni yonse kumva. Ndidakhala pamenepo kudikira. Pabenchi lakutsogolo panali amayi awiri a ku sosaiti. Ndidaganiza zobwerera. Kalaliki adatenga khadi, adakweza mawu, “Lute Banda!” Mwamwayi mwana wina adalira nthawi yomweyo, amayi aja sadacheuke.

Nesi amene adatilandira anali wonenepa, wa magalasi. Adatsegula khadi, adaliyang'ana nthawi yaitali, kenako adandiyang'ana ine. Atatsegula pakamwa ndidaona mpata wa kumano uja. Anali Sisita Dube, adamusamutsira kuno ine osadziwa. Zolemba zonse pakhadipo zinali za dzanja lake.

“Woza lapha, mama,” adatero motsitsa m'Chindebele, kundiitana kuti ndimutsatire.

Sadatilowetse mopimira, momwe munali nsalu yokha. Adatitengera m'kachipinda kosungira mabulangete n'kutseka chitseko. Adaloza mwanayo.

“Ngubani lo? KaNyasa kanga ndidamva kuti kadamwalira. Uyu ndani?”

Ndidanena zonse, za sukulu, za Abiti, za lole, ngakhale za Banda. Ndinkayembekeza kuti aitana apolisi. Iye adangogwada, adamugwira mwanayo pamphumi, adamutsegula maso, adamuuza kuti ayasamule n'kuyang'ana m'kati mwa masaya. Adandikoka kuti ndione. Munali timadontho toyera ngati mchere.

“Chalowa kale,” adatero. “Jekeseni sathandizanso. Mudadziwa liti kuti sadabayidwe?”

“Tsiku lomwe mudapita ku sukulu.”

“Masabata atatu, mama! Mumadikira chiyani?”

Ndidati timaopa mapepala.

“Hayi bo! Ine ndine nesi, sindine wapolisi. Ndani adakuuzani kuti timafunsa chitupa cha mayi pobaya mwana? Mukadabwera tsiku lomwelo n'kundinong'oneza, ndikadamubaya muno momwe muno, palibe akadadziwa.”

Adatulutsa khadi latsopano m'thumba, adafunsa dzina lenileni la mwana, adalemba Asiyatu Jafali. Sadafunse china chilichonse. La Lute adandibwezera m'manja osalembapo kanthu. Adandipatsa mankhwala a kutentha thupi ndi opaka m'maso, adati mwana azimwa madzi ambiri, azisamba, asatsekeredwe mumdima, ndipo akayamba kupuma movutika tithamange naye kuchipatala chachikulu. Za sukulu adati akalankhula yekha ndi aphunzitsi aakulu mwana akachira.

Titafika kunyumba tidapeza Abiti ali pageti, mpango utagwera paphewa, atazungulira mzere wonse kufunafuna. Sindidamuonepo atakwiya, koma tsikulo ndidamuona.

“Mwapita naye kuti mwana wanga?”

“Ku kiliniki. Abiti, mwana ali ndi chikuku.”

“Mwatiulula?”

“Ndaulula. Palibe akubwera kudzakutengani. Taonani, amulembera lakelake.”

Adalandira khadi latsopanolo, kulitembenuza uku ndi uku, poti sankadziwa kuwerenga. Ndidaikanso la Lute m'dzanja lake, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinkaopa kulowa nalo m'nyumba mwanga. Iye adanyamula mwana wake n'kulowa.

Totupa tidatuluka Lamulungu. Mwana adatentha ngati mbaula, milomo kusweka, maso kumatirira mafinya. Tinkasinthana ine ndi Abiti kumupukuta ndi kumudonthezera madzi pa supuni, osalankhulana kupatula za mwanayo. Sisita Dube adabwera kawiri akaweruka, atavala zakunyumba ndi kachikwama ka kumsika, kuti aneba aziyesa ndi mlendo wamba. Ulendo wachiwiri adayang'ana diso lakumanzere n'kunena kuti tipite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Abiti, amene ankathawa kulira kwa lole, adabereka mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kumsana, adakwera basi, adadutsa pakati pa tauni pomwe panali apolisi, osacheuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe adamufunsa kanthu, kuchipatalako ngakhale panjira.

Asiyatu adagonako masabata awiri. Moyo adapulumuka, koma diso lakumanzere lidachita ng'ala, silidaonenso.

Sisita Dube adasunga mawu ake. Dzina lidakonzedwa m'kaundula mwakachetechete, ndipo a sosaiti sadamve kanthu. Agogo anu adagwira ntchito yawo mpaka kukalamba. A Chisale adamwalira akundilemekeza ngati mayi wanzeru. Nesi uja ndidakumana naye kambirimbiri pamsika, ankagula tomato wanga, ankafunsa za ana, koma nkhani ija sadaitchulepo ngakhale ndi diso lokha.

Mwezi wotsatira Che Jafali adapeza chipinda ku Lobengula, pafupi ndi Asilamu anzake. Tsiku losamuka Abiti adabwera pakhomo la kukhitchini ndi zonse zomwe adabwerekapo kwa ine, sefa, simbi, mipando iwiri. Pomaliza adatulutsa mbale yanga ya enamulo. Kwathu mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu, ndiye adaikamo mpunga wosaphika, ndipo pamwamba pa mpungawo panali khadi la Lute.

“Zikomo, Anaphiri. Mudatithandiza ndi mtima wabwino, ndikudziwa. Nanenso ndidakukanizani. Wanu nayu, ndabweza. Wanga ndikupita naye ndi diso limodzi.”

Sadakweze mawu. Ndikadakonda akadanditukwana.

Tsopano mwamudziwa. Ndi Anti Asiyatu omwe aja ogulitsa nsalu pamsika wa ku Lobengula, amene amakupatsani maswiti pa Idi, amene iwe Mandla uli wamng'ono udawafunsa kuti diso lawo adalisiya kuti, ine n'kukutsina. Abiti adamwalira kalekale, ndidakathandiza kuphika pamaliro pake. Sitidadane, koma sitidabwererenso pomwe tinali.

Nkhani imeneyi si yanga ndekha, diso ndi la mwini wake. Ndiye mkangano wanuwu utayamba mwezi watha, ndidakwera kombi kupita ku Lobengula kukapempha chilolezo. Ndidamupeza akupinda zitenje. Ndidati, “Asiyatu mwanawe, adzukulu anga akukangana za makhadi. Ndiwauze zathu zija?”

Adapitiriza kupinda. “Auzeni, Anaphiri. Koma munene zonse.”

“Ndinena. Za lole, za chitupa cha bambo a Joji, zonse.”

“Zimenezo n'zoona, koma si zonse. Inu simuopa wapolisi, mudatukwanapo mmodzi pamsika ine ndikuona. Amayi ankaopa, bambo a Joji ankaopa. Inu ayi.”

Ndidakhala pa mpukutu wa nsalu. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti palibe adaona. Kodi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amaona chiyani?

Ndiye ndinene, poti ndidalonjeza. Masabata atatu aja sindidachedwe chifukwa cha mantha okha. Ndinkadziwa kuti tsiku lomwe ndidzalowe ku kiliniki, dzinalo lidzafufutidwa m'kaundula. Chiyambire kulowa sukulu mwana uja, anzake ankaima pageti langa m'mawa n'kumakuwa, “Lute! Lute, tiye tachedwa!” Ine ndili m'khitchini ndinkasiya chilichonse n'kumamvetsera, ndipo kamtsikana kankatuluka kakuthamanga, kamoyo, ka msinkhu womwewo. Ndinkafuna m'mawa umodzi wokha, kenako wina. Ndidasinthanitsa diso la mwana wa mnzanga ndi zimenezo, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Ndidamufunsa Asiyatu kuti adadziwa bwanji. Adaika chitenje pansi n'kundiyang'ana ndi diso lake limodzilo.

“Amayi akachokapo munkandiitana Lute, mwina kakhumi pa tsiku. Ndikabwera n'kugwada, simunkandituma kanthu.”